ALOUETTE III YA PA TEBULO: WOPAKA TINTA AYAMBE WASANKHA CHAKA

TETE — Anthu amene anali atakula kale pakati pa 1968 ndi 1974 m'madera a Macanga, Chifunde ndi Marávia safuna munthu wowafotokozera kulira kwa helikopita yotchedwa Alouette III. Inkayamba kumveka ngati likhweru lakuthwa kuseri kwa phiri, kenaka kugunda kwa mapiko ake, ndipo mayi amene anali m'munda ankadziwa kuti nthawi yobereka mwana ndi kulowa m'thengo yakwana.

Helikopita yomweyo imapezekanso m'kabokosi ka katoni kolowa m'thumba la mwana wa sukulu. M'kati mwake mumakhala tizidutswa ta pulasitiki, pepala la malangizo ndi kapepala ka zizindikiro zomata. Ku Portugal, ku France ndi m'maiko ena a ku Ulaya kuli anthu, ana ndi akulu omwe, amene amathera madzulo awo akulumikiza tizidutswa totere mpaka patatuluka chifanizo chaching'ono cha ndege yeniyeni. Ntchitoyi pa Chipwitikizi imatchedwa modelismo. Chimene chimatuluka si chidole choponyerana pabwalo ayi. Cholinga n'chakuti kanthu kakang'onoko kafanane ndi chachikulucho pa muyezo, pa maonekedwe ndi pa mtundu.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Alouette III ya Apwitikizi inagwira ntchito zaka 57, ndipo m'zaka zimenezi inavala tinta zosiyanasiyana. Inayamba ngati chida cha nkhondo ya atsamunda, n'kumaliza ngati kalasi yophunzitsiramo mapiloto achinyamata. Womanga chifanizo chake sangaviike pinseli mu tinta asanayankhe funso limodzi: kodi akumanga helikopita ya chaka chiti?

KUCHOKA KU NKHONDO KUPITA KU SUKULU

Alouette III inapangidwa ku France ndi kampani ya Sud Aviation, ndipo inauluka koyamba pa 28 Fevereiro 1959. Dzinali m'chinenero cha kumeneko ndi la kambalame kodziwika ndi kuimba kali m'mwamba. Imanyamula anthu 7: atatu kutsogolo, kuphatikizapo piloto, ndi anayi pa benchi ya kumbuyo. Motori yake, yotchedwa Artouste, imakhala poyera kuseri kwa chipinda cha anthu, yopanda chovundikira, ndipo ndiyo imatulutsa likhweru lija. Ili ndi mapiko atatu aakulu pamwamba, atatu aang'ono kumchira, ndipo imaima pa matayala atatu.

Gulu la asilikali a m'mlengalenga la Portugal linayamba kulandira mahelikopita amenewa mu 1963, ndipo onse pamodzi linagula 142. Ambiri anatumizidwa ku Angola, ku Guiné ndi ku Moçambique. Frelimo itatsegulanso nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968, ndipo ntchito yomanga damu la Cahora Bassa itayamba chaka chotsatira, bwalo la ndege la asilikali ku Tete, lotchedwa Aeródromo Base nº 7, linakhala lotanganidwa kwambiri. Alouette III inkatsitsa asilikali m'thengo ndi kunyamula ovulala. Ina inkaikidwa mfuti yaikulu ya mamilimita 20 yoloza pa khomo la kumanzere, ndipo asilikali a atsamunda ankaitcha Lobo Mau, dzina la mmbulu woipa wa m'nthano za kwawo.

Ufulu utabwera pa 25 Junho 1975, kulirako sikunatheretu. Boma la Ian Smith ku Rodésia linali ndi ma Alouette III akeake, ndipo mu Novembro 1977 linawagwiritsa ntchito poukira misasa ya Zanla ku Chimoio ndi ku Tembué, kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi.

Ma Alouette amene anatsala m'manja mwa Portugal anapatsidwa ntchito ina. Anasonkhanitsidwa m'gulu lotchedwa Esquadra 552, lodziwika ndi dzina lakuti Zangões, kutanthauza njuchi zamphongo. Kuyambira 1993 gululi linakhala ku Base Aérea nº 11, pafupi ndi mzinda wa Beja, kumwera kwa Portugal, dera lathyathyathya ndi lotentha la minda ya tirigu. Kumeneko ntchito yake yaikulu inali kuphunzitsa. Wophunzira ndi mphunzitsi ankakhala moyandikana kutsogolo, aliyense ali ndi zowongolera zake: ndodo ya pakati pa miyendo yopendeketsera helikopita kutsogolo, kumbuyo kapena kumbali, chogwirira cha kumanzere choikwezera ndi kuitsitsa, ndi zopondera ziwiri zolamulira mapiko a kumchira. Phunziro lotulutsa thukuta wophunzira aliyense watsopano linali kuimitsa helikopita malo amodzi m'mwamba, mamita ochepa kuchokera pansi, osasuntha.

Pakati pa 2000 ndi 2002 ena mwa mahelikopita amenewa anakatumikira ku Timor-Leste pansi pa bungwe la Nações Unidas. Mu Junho 2020 Portugal inawapumitsa onse, ndipo malo awo ku Beja anatengedwa ndi helikopita ya kampani ya ku Itália yotchedwa AW119 Koala.

MASAMU AYAMBE, MPENI PAMBUYO

Pa bokosi lililonse la chifanizo pamalembedwa manambala awiri, monga 1:72. Imeneyi ndiyo eskala, muyezo wochepetsera. Tanthauzo lake n'lakuti sentimita imodzi pa chifanizo ikuimira masentimita 72 pa helikopita yeniyeni. Kampani ya ku France yotchedwa Heller ndi imodzi mwa amene anapanga Alouette III pa eskala imeneyi.

Thupi la Alouette III n'lotalika mamita 10,03 kuchokera kumphuno kufika kumchira. Kugawa ndi 72 kumapereka masentimita pafupifupi 14, kutalika kwa bolopeni. Mapiko aakulu akamazungulira amapanga bwalo la mamita 11,02 m'mimba mwake, limene pa chifanizo limakhala masentimita 15,3. Msinkhu wa mamita 3 umatsika kufika masentimita 4 ndi pang'ono. Piloto wa msinkhu wa mita 1,70 amasanduka kamunthu ka masentimita 2,4, kofupika kuposa kamtengo ka machesi.

Lamulo la eskala ndi limodzi lokha: chilichonse chichepe mofanana. Apa ndiye pali kusiyana ndi galimoto ya mawaya imene ana amapanga m'midzi. Mwana wa mawaya amayeza ndi diso, ndipo akapeza zotsekera mabotolo zazikulu, matayala amakhala aakulu. Womanga wa eskala alibe ufulu wotero. Tayala likakula pang'ono chabe, helikopita yonse imaoneka ngati mwana wovala nsapato za bambo ake.

KULUMIKIZA TIZIDUTSWA

Tizidutswa timabwera titagwirana pa timitengo ta pulasitiki ngati zipatso pa nthambi, kalikonse kali ndi nambala yake. Ntchito yoyamba ndi kutitsuka m'madzi ofunda a sopo, chifukwa ku fakitale timatuluka tili ndi mafuta ochepa amene amalepheretsa tinta kugwira. Tikauma, womanga amadula kachidutswa kamodzi panthawi imodzi ndi mpeni wakuthwa kapena lezala. Kupotokola ndi zala kumasiya chilonda pa pulasitiki, ndipo nthawi zina kumathyola kachidutswa kopyapyala kamene kalibe kolowa m'malo mwake. Potsala podulidwapo amasalaza ndi pepala lokhakhala, lija akalipentala amalitcha lisha.

Asanadonthetse kola, womanga wanzeru amayamba wayesa kukumanitsa mbali ziwirizo zouma kuti aone ngati zikugwirizana. Kola ya pulasitiki si ngati ya mapepala. Imasungunula pang'ono mbali zonse ziwiri kuti zikhale chinthu chimodzi, choncho imene yachuluka imadya chifanizo, ndipo chala chikakhudza pamalopo chidindo chake chimatsalapo mpaka kalekale. Kadontho ka kunsonga kwa singano n'kokwanira.

Pa Alouette III ntchito imayambira m'kati. Kutsogolo kwake konse ndi magalasi, motero chilichonse cha m'chipinda chimaoneka: mipando, malamba, bolodi ya mawotchi ndi zowongolera. Zonsezi ziyenera kupakidwa thupi lisanatsekedwe, chifukwa likatsekedwa pinseli ilibe polowera. Womanga helikopita ya sukulu sayenera kuiwala ndodo yachiwiri ndi zopondera zachiwiri. Popanda zimenezi mphunzitsi alibe chogwira, ndipo chifanizocho si cha sukulu.

Pali msampha wina umene umagwira oyamba kumene. Helikopita yeniyeni imaima bwino pa matayala ake atatu chifukwa kulemera kwake kuli pakati. Chifanizo cha pulasitiki chimalemera kumchira, ndipo chikatha chimakhala pansi ndi mchira, mphuno ili m'mwamba ngati nkhuku yomwa madzi. Mankhwala ake ndi kubisa kachidutswa ka chumbu, konga ka asodzi, pansi pa mipando ya kutsogolo thupi lisanatsekedwe.

Magalasi amafuna kusamala kwapadera. Kola ya pulasitiki ndi kola yamphamvu youma msanga zimachititsa khungu galasi, n'kulisiya loyera ngati diso la ng'ala. Yoyenera ndi kola yoyera ya matabwa, imene ikauma imaonekera. Pomwe mbali ziwiri za thupi zakumana pamatsala mzere. Mzerewo amautseka ndi phala lapadera, kudikira kuti liume, ndi kusalaza ndi lisha yosalala mpaka chala chitasiya kuumva.

Mapiko aakulu amaikidwa kumapeto penipeni. Pa mahelikopita a ku France mapikowa amazungulira monga mivi ya wotchi munthu akamayang'ana ali pamwamba, mosiyana ndi a ku América, ndipo wowaika chotembenuza amasekedwa ndi odziwa. Helikopita ikakhala pansi motori itazima, mapiko ake amawerama pang'ono chifukwa cha kulemera. Womanga amatsanzira zimenezi poviika mapiko a pulasitiki m'madzi otentha pang'ono ndi kuwapinda mofatsa ndi zala. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yonseyi imatha masiku, mwinanso masabata.

MMENE TINTA IMAPAKIDWIRA

Asanayambe kupaka, womanga amaphimba magalasi onse ndi tizidutswa ta fita-kola todulidwa molingana ndi windo lililonse, kusiya poyera timizere ta chitsulo togwira magalasiwo. Pa Alouette III imeneyi ndiyo ntchito yotopetsa koposa, chifukwa mawindo ndi ambiri ndiponso ndi okhota. Kenaka pamabwera tinta yoyamba yotuwa. Ntchito yake ndi ziwiri: kugwiritsa tinta zotsatira, ndi kuulula ming'alu ndi zilonda zimene diso silinaone.

Tinta zodziwika pa ntchitoyi ndi za mitundu iwiri. Ya akriliko imasungunulidwa ndi madzi, imauma msanga ndipo fungo lake n'lochepa. Ya esmalte ndi ya mafuta, imafuna dilwente, imatenga tsiku lathunthu kuti iume bwino, ndipo iyenera kupakidwa pamalo opita mphepo, kutali ndi moto ndi ana aang'ono. Mtundu uliwonse umene wasankhidwa, chinsinsi chake ndi chimodzi: tinta ikhale yamadzimadzi ngati mkaka, ndipo ipakidwe mopyapyala kawiri kapena katatu, kudikira kuti iume nthawi iliyonse. Wopupuluma amene amapaka yolimba kamodzi amakwirira timizere ndi timisomali tonse ta pa thupi, ndipo helikopita imaoneka ngati yamizidwa m'phala.

Pamene pali mitundu ingapo, yowala imayamba, yodera imatsatira. Omanga odziwa amathiramo kadontho ka tinta yoyera mu mtundu uliwonse, chifukwa kanthu kakang'ono kakapakidwa mtundu weniweni wa chachikulu kamaoneka kodera kuposa mmene diso limakumbukirira. Motori imapakidwa mtundu wa chitsulo, ndipo paipi yotulutsa utsi imapatsidwa maonekedwe a chitsulo chopsa. Matayala sapakidwa tinta yakuda bii, koma yotuwa modera, monga mmene tayala loyenda limakhalira.

Zizindikiro zomata zimabwera tinta itauma. Choyamba thupi limapakidwa vernizi yonyezimira, chifukwa pamalo okhakhala mpweya umatsekeredwa pansi pa chizindikiro n'kumaoneka ngati mamba a nsomba. Chizindikiro chilichonse chimadulidwa pachokha, kuviikidwa m'madzi ofunda kwa kamphindi, kutsetserekera pamalo pake, ndi kupsinjidwa ndi kansalu kofewa. Pomaliza pamapakidwa vernizi yosanyezimira, popeza ndege za asilikali siziwala ngati galimoto ya ukwati. Pamenepo mpamene fita-kola imachotsedwa pa magalasi.

MALAYA ATATU A HELIKOPITA IMODZI

Zonse zafotokozedwazi ndi za manja. Funso la chaka ndi la mutu ndi mtima.

Womanga akasankha zaka za nkhondo ya atsamunda, Alouette III yake imakhala yobiriwira modera, ngati tsamba la mango lokhwima. Pambali pamakhala mtanda wofiira m'bwalo loyera, umene Apwitikizi amautcha Cruz de Cristo, ndipo nambala yake imakhala ya manambala 4 yoyamba ndi 9. Kuti ifanane ndi imene inkatera m'thengo la Tete, pansi pake ndi pa matayala pamafunika fumbi, limene omanga amalipanga popala choko cha mtundu wa dothi ndi kuchipaka ndi pinseli youma.

Akasankha zaka za ku Beja, malaya amasintha. Thupi limakhala la mabala obiriwira ndi ofiirira ngati dothi, nambala imakhala ya manambala 5 yoyamba ndi 19, monga mmene Portugal inasinthira m'zaka za m'ma 1990, mfuti palibe, ndipo zowongolera ndi ziwiri. Fumbi likhale lochepa, chifukwa helikopita ya sukulu imanyamuka ndi kutera pa bwalo losamalidwa ndipo amakaniko amaiyendera kawirikawiri. Chokwanira ndi mwaye wochepa kumbuyo kwa motori ndi kupekesuka pang'ono pamene nsapato za ophunzira zinkaponda pokwera.

Akasankha Timor-Leste, helikopita imakhala yoyera yonse, ndi zilembo ziwiri zakuda, UN, pambali pake.

Kusakaniza malaya amenewa ndiko kunama.  Tinta yoyera ya mtendere pa helikopita imene ikunenedwa kuti ndi ya ku Tete mu 1972 ndi bodza.

Koma palinso choonadi china chimene tinta yokha singanene. Ma Alouette a sukulu ya ku Beja sanali ogulidwa mwatsopano. Anali a gulu lomwe lija la 142 limene linagulidwa chifukwa cha nkhondo za mu Africa. Pansi pa mabala okongola a helikopita ya ophunzira panali chitsulo cha mbiri ina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anthu a m'chigawo cha Tete akudziwa kulemera kwa mbiri imeneyo. Pa 16 Dezembro 1972 asilikali a atsamunda anatsika m'mahelikopita ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kumwera kwa mzinda wa Tete, ndipo anapha anthu wamba pafupifupi 400, amayi ndi ana omwe. Dziko lapansi linamva nkhaniyi mu Julho 1973, pamene wansembe wa ku Inglaterra, Adrian Hastings, anaifalitsa m'nyuzipepala ya The Times ku London, potengera malipoti a amishonale a ku Tete. Panapita zaka pafupifupi 50 kuti mtsogoleri wa boma la Portugal avomereze poyera. Mu Setembro 2022, ali ku Maputo, nduna yaikulu António Costa inanena kuti zimene zinachitika ku Wiriyamu zilibe chowiringula ndipo zimanyazitsa mbiri ya dziko lake.

Choncho gogo amene angatembenuze nkhope ataona mdzukulu wake akusema helikopita ali ndi chifukwa chake, ndipo sayenera kusekedwa. Koma kuletsa mwanayo sikufafaniza zimene zinachitika. Kumangomusiya akukula osadziwa chimene chinkauluka pamwamba pa mudzi wa makolo ake. Njira imene malo osungirako zinthu zakale amatsata ndi yosavuta: pansi pa chifanizo chilichonse amaika kapepala konena dzina, eskala, chaka, malo ndi ntchito. Chifanizo cha helikopita ya sukulu chokhala ndi kapepala konena za Beja yokha chanena theka. Kapepala kathunthu kamanenanso kumene helikopitayo inayambira.

KWA AMENE ALIBE BOKOSI

Bokosi la Heller, kola yake ndi tinta zake si zinthu za m'masitolo a m'midzi ya m'malire. Koma eskala sigulidwa, ndi masamu chabe, ndipo manja amene amapinda mawaya kukhala galimoto angathe kuitsata.

Pogwiritsa ntchito zipangizo za m'mudzi, eskala ya 1:20 ndiyo yabwino, chifukwa chifanizo chimakula mokwanira kuti mpeni wamba ugwire ntchito, ndiponso kuwerengera kwake n'kosavuta: mita imodzi iliyonse imakhala masentimita 5. Motero thupi likhala masentimita 50, bwalo la mapiko masentimita 55, phiko lililonse pafupifupi masentimita 27 kuchokera pakati, msinkhu masentimita 15, ndipo piloto masentimita 8,5. Miyezo imeneyi ijambulidwe kaye pa katoni, mbali ndi pamwamba, mpeni usanakhudze mtengo.

Chiwale chouma n'chofewa ndi chopepuka, choyenera kusemera thupi ndi mchira. Nsungwi yowazidwa mopyapyala imapereka mapiko atatu, amene ayenera kukhala ofanana kutalika ndi kulemera, ndipo atalikirane mofanana pozungulira. Botolo loyera la pulasitiki, mbali yake yokhota ya kuphewa, limapereka magalasi a kutsogolo. Patapata yakutha imadulidwa kukhala matayala atatu. Motori ingapangidwe ndi kachidutswa ka bango ndi timawaya, ndipo waya wina amapindidwa kukhala chotchinga cha mapiko a kumchira. Tinta yotsala kwa kalipentala kapena kwa wopaka zitseko ndi yokwanira, malinga ikasungunulidwa bwino. Yobiriwira yodera imapezeka posakaniza yobiriwira wamba ndi kadontho ka yofiira kapena yakuda.

Ku sukulu ntchito imeneyi ndi phunziro la magawo atatu nthawi imodzi. Mwana amene wagawa 11,02 ndi 20 kuti adziwe kukula kwa mapiko waphunzira masamu amene sadzawaiwala. Amene wafunsa chifukwa chake helikopita ili ndi mapiko kumchira waphunzira sayansi: motori ikamazunguza mapiko aakulu mbali imodzi, thupi limafuna kuzungulira mbali inayo, ndipo mapiko a kumchira ndiwo amaliletsa. Amene wafika pa tinta wafika pa mbiri ya dziko lake.

CHENJEZO KWA MAKOLO NDI ANA

Ana ofuna mawaya ndi zitini asapite kukafukula m'malo amene munali makwartelo, maenje a asilikali kapena mabwalo akale a ndege. Mu Setembro 2015 boma linalengeza kuti minda yonse yodziwika ya mabomba okwirira yachotsedwa m'dziko la Moçambique, koma zipolopolo ndi mabomba osaphulika a nkhondo zakale angathe kutulukabe pamene khasu kapena madzi a mvula afukula nthaka. Chitsulo chachilendo chikapezeka m'thengo chisakhudzidwe, chisamenyedwe ndi mwala, chisatengedwe kupita kunyumba. Wochipeza aike chizindikiro patali, abwerere njira imene anadzera, ndipo akadziwitse mfumu kapena apolisi. Palibe chifanizo chimene mtengo wake ndi dzanja la mwana.

KAPEPALA KA PANSI

Chifanizo chikatha, mapiko atawerama, magalasi atayera, ntchito yotsala ndi ya bolopeni. Mwana wa ku Beja angalembe kuti iyi ndi Alouette III ya Esquadra 552, imene inaphunzitsa mapiloto mpaka 2020, ndipo sanalakwe. Mwana wa ku Furancungo kapena ku Fingoè ali ndi gwero limene mnzake uja alibe. Angatenge chifanizo chake, kukagwada pa mphasa pamaso pa agogo, ndi kufunsa mwaulemu ngati imene iwo anaiona inali yotere, mtundu wake unali wotani, inkachokera mbali iti ya phiri, ndipo anthu ankathawira kuti.

Agogo ena adzayankha, ena adzangokhala chete, ndipo onse ali ndi ufulu wotero. Amene anaona Alouette III ndi maso awo mu 1972 ali achinyamata tsopano apitirira zaka 65, ndipo chaka chilichonse akuchepa. Zimene iwo anganene za mtundu wa tinta, za likhweru la motori ndi za tsiku limene inatera pafupi ndi mudzi sizili pa pepala la malangizo la m'bokosi. Zikalembedwa pa kapepala ka pansi pa chifanizo, pamodzi ndi eskala ndi chaka, kahelikopita ka masentimita 50 kadzakhala kakunena zoona zonse.